Kadontho ka Yonela

Uthenga unafika Lachitatu masana, Zukiswa ali pakhomo pa nyumba yawo ku Kayamandi, dera lina la kufupi ndi Cape Town, akutsuka tcheni cha njinga ndi mswachi wakutha. Foni inalira pasitepe. Anapukuta zala pakabudula n'kuitsegula.

"Botolo lako lachikasu unaligwetsa pokhota paja. Ndakusungira."

Anawerenga kawiri. Kunja kunali dzuwa la Disembala, lija losungunula phula mumsewu. Botolo lija linagwadi Lachiwiri m'mawa, pamene iye ndi mnzake Yonela ankatsika phiri la Helshoogte. Sanaime kuti alitole, ndipo sanauze munthu. Pulogalamu ya m'foni inkaonetsa njira imene munthu wadutsa, nthawi ndi liwiro lake. Za botolo sinkadziwa. Woti adziwe zimenezo anayenera kukhala pamalopo, akuonerera ndi maso ake.

Atsikana awiriwa anali ndi zaka 16, ndipo ankapalasira kalabu ya njinga imene Tata Booi ankayendetsa m'kontena yabuluu kuseri kwa tchalitchi. Chaka chimenecho kalabu inapatsidwa njinga ziwiri za mpikisano, zopepuka moti mwana akhoza kunyamula ndi dzanja limodzi. Tata Booi anapereka yofiira kwa Zukiswa, yoyera kwa Yonela, chifukwa ndiwo ankakaimira kalabu pa mpikisano wa achinyamata mu Januwale. Ndi iwonso amene anawaikira pulogalamu ija m'mafoni. Ana a m'kalabu ankangoitcha kuti Kalondolondo.

"Chinthu ichi n'chabwino," anatero Tata Booi tsiku limenelo. "Chimandiuza amene wapalasa ndi amene anangokakhala pogulitsa tchipisi n'kubwera kudzandinamiza. Koma tsamba lanu likhale lotseka. Okuonani akhale ine ndi anzanu a muno basi. Amene adzatsegule, njinga ndidzalanda. Mwamva?"

Onse anavomera. Zukiswa anasunga lamuloli miyezi iwiri. Kenako anaona mndandanda wa atsikana othamanga kwambiri pachitunda cha Helshoogte. Nthawi yake inali yoyenera malo achitatu, koma dzina lake panalibe, poti tsamba lake linali lotseka. Pamalopo panali mtsikana wina wa sukulu ya olemera m'tauni, amene Zukiswa anamupitirirapo kawiri ngati waima.

"Ndizipalasa mpaka kulavula ndulu, dzina n'kumatchuka la wina?" anadzifunsa. Anatsegula tsamba tsiku lomwelo.

Anthu anayamba kumutsatira, ena a ku Paarl, ena a kutali kumene sanafikeko. Mmodzi mwa iwo anali Deon V. Uthenga wake woyamba unali wokoma ngati uchi. Anati amafufuzira timu ina yaikulu ya ku Cape Town achinyamata aluso, ndipo miyendo ngati ya Zukiswa sipezeka wamba. Kenako anayamba mafunso. Kodi mumanyamuka 6 koloko Lachiwiri ndi Lachinayi nthawi zonse? Mumakhala awiri okha? Njinga zanuzo ndi zamtundu wanji? Zukiswa anayankha zonse, mpaka kutumiza chithunzi.

Tsopano, mswachi uli pansi, anatsegula tsamba la Deon n'kuliyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Nkhope panalibe, panali chithunzi cha gudumu. Ulendo wake ngakhale umodzi panalibe. Munthu wanji wa zanjinga wosapalasa? Ankatsatira anthu khumi ndi mmodzi okha, ndipo onsewo anali ndi njinga zodula.

Kenako anabwerera patsamba lake. Maulendo ake onse anali pamenepo, mzere pamwamba pa mzere unzake. Onse ankayambira pageti pawo, nthawi imodzimodzi, n'kudutsa msewu umodzimodzi. Pokhota pachiwiri, pamene chitunda chimakula, liwiro linkatsika nthawi zonse mpaka kufanana ndi la munthu wothamanga wapansi. Unali ngati mpita wa mbewa. Wotchera msampha sankafunika kufunsa munthu.

"Ukuwerenga makalata a bwana wako wa ku Cape Town?"

Zukiswa anadzidzimuka mpaka foni kutsala pang'ono kugwa. Anali Yonela, atanyamula pepala lonona mafuta momwe munali magwinya awiri otentha, mandasi akuluakulu a kumeneko. Anakhala pasitepe n'kumupatsa limodzi. Yonela ankadziwa kuti tsamba ndi lotsegula, ndipo analonjeza kuti saulula. Ankadziwanso za Deon, koma ankangomutenga ngati nkhani yosekera.

"Walemba zotani lero? Akutumizira ndege?"

"Palibe chimene walemba," anatero Zukiswa, akuika foni m'thumba.

"Iii, ndiye nkhope yakwinyika bwanji? Akukana? Usadandaule, ukalephera ku Cape Town ndidzakulemba ntchito yondipopera matayala."

"Iwe, wopopa ndi amene amafika kumapeto. Lachiwiri unafika pamwamba lilime lili panja ngati galu."

Yonela anaseka mpaka kutsamwa. Atameza anati, "Paja Lachiwiri lomwelo, pikapu yoyera ija unaiona? Inaima pokhota pachiwiri. Sabata yathanso inali pomwepo. Anthu awiri m'kati, angokhala."

"Mwina ndi a m'minda ya mphesa."

"Mwina. Koma ogwira ntchito amakhala m'galimoto magalasi otseka kutentha konseku?"

Mawu anafika pakamwa pa Zukiswa. Akanangotulutsa foni n'kumuonetsa. Koma ankamudziwa Yonela. Akanaimirira pomwepo n'kupita kwa Tata Booi, ndipo Tata Booi sankabweza mawu. Anayang'ana njinga yofiira itatsamira khoma, tcheni chikunyezimira. Mpikisano unali utatsala masabata atatu.

"Ukuganiza kwambiri," anatero. "Idya."

M'mawa mwake, Lachinayi, Zukiswa anadzuka kunja kutayera kale. Mama ake anali atapita kuntchito kunyumba yogona alendo kumene ankachapa ndi kusita. Zukiswa anavala zovala zopalasira, anamanga nsapato, anafika mpaka pachitseko. Dzanja linakana kutsegula. Anabwerera n'kukhala pabedi.

"M'mimba mukundipweteka," analembera Yonela. "Lero sindipita."

Yankho linabwera msanga. "Ndi magwinya aja, umadya ngati ukuthawa. Pepa. Ine ndipita ndekha."

"Tata amakaniza kupita wekha."

"Tata ali kuti? Masabata atatu okha, mnzanga. Ndikangofika pamwamba n'kubwerera. Uzindionera pafoni, ndiye kuti sindili ndekha."

Zukiswa analemba kuti, "Usapite." Anayang'ana mawuwo. Akatumiza, Yonela afunsa chifukwa. Anadziuza kuti mwina Deon ndi munthu wabwinobwino amene anangodutsa n'kutola botolo. Anadziuza kuti msewu wa Helshoogte umakhala ndi magalimoto, kuti kunja kwacha, kuti ngati pali amene akufunidwa ndi iye, osati Yonela. Anafufuta mawu aja n'kulemba kuti, "Uyende bwino."

Awiriwa anagwirizana kalekale kuti aliyense aziona pamene mnzake ali nthawi imene akupalasa. Zukiswa anatsegula mapu. Kadontho kabuluu kanatuluka m'Kayamandi, kanawoloka mlatho wa njanji, kanalowa m'tauni. Kanaima pamaloboti, kanayambanso. M'nyumba munali zii. Kwa aneba wailesi inkaimba nyimbo za m'tchalitchi, ndipo mphepo inkagwedeza lata limodzi la padenga.

Kadontho kanapitirira Idas Valley n'kuyamba chitunda. Nambala ya liwiro inayamba kutsika: makilomita 18 pa ola, 15, 13. Kanadutsa pokhota poyamba. Zukiswa anazindikira kuti akuluma chala. 12. 11. Kanafika pokhota pachiwiri.

Kanaima.

"Akumwa madzi," anatero Zukiswa mokweza, m'nyumba mopanda munthu. Koma Yonela sankaima pachitunda. Ankati kuima n'kwa nkhalamba. Mphindi imodzi inatha. Ziwiri. Anaimba foni. Inaitana, inaitana, osayankhidwa. Mphindi zinayi.

Kenako kadontho kanayamba kuyenda, ndipo Zukiswa anapumira m'mwamba. Koma nambala ija sinaime pa 11. Inafika 40. Inafika 70. Inafika 95, kukwera phiri. Palibe munthu padziko amene angapalase chonchi. Foni ya Yonela inkakhala pamahandulo a njinga, ndipo njingayo tsopano inali m'galimoto.

Sanatseke ngakhale chitseko. Anathamanga liwiro la mtondo wadooka, nsapato zopalasira zikulira pamiyala, mpaka kuseri kwa tchalitchi. Tata Booi anali atangotsegula kontena, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Tata! Yonela! Amutenga... njinga... onani!"

"Pang'onopang'ono, mwana wanga. Ali kuti Yonela?"

Anawaonetsa foni. Tata Booi anayang'ana nambala ija, ndipo kapu anaiika pansi mosayang'ana pamene akuika.

"Anapita yekha? Iwe unali kuti?"

"Ndinatsegula tsamba langa, Tata. Pali munthu wakhala akundilembera. Akudziwa nthawi yathu, akudziwa njira. Ndinamuuza ndine. Dzulo ndinachita mantha, ndiye lero sindinapite."

"Yonela unamuuza?"

Zukiswa anapukusa mutu. Tata Booi anamuyang'ana kamphindi. Akanamukalipira zikanakhala bwino, koma sanatero.

"Kwera galimoto," anatero.

Ali m'njira anaimbira apolisi, Zukiswa atawagwirira foni pafupi ndi pakamwa. Anawauza za pikapu yoyera ndi kumene kadontho kankalowera. Kanali katatsikira mbali ina ya phiri, katapitirira mudzi wa Pniel. Asanatuluke m'tauni, kanazima. Panangotsala mzere wa njira imene kanadutsa.

"Azimitsa foni," anatero Zukiswa.

Galimoto yakale ya Tata Booi inkalira pachitunda ngati ikudandaula. Atafika pokhota pachiwiri anachepetsa liwiro. Panalibe kanthu. Msewu, chitsulo chotchinga m'mbali, tchire, ndi phiri lili duu. Panalibe njinga, panalibe magazi, panalibe munthu.

"Amutenga," anatero Tata Booi. "Tiye tiwatsatire kumene kadontho kazimira."

"Dikirani, Tata! Imani!"

Zukiswa anali atakulitsa mapu ndi zala ziwiri mpaka pamapeto. Pamalo pamene kadontho kanaima mphindi zinayi, mzere sunali wowongoka. Unapatuka kumanzere, kupitirira m'mphepete mwa msewu, n'kubwereranso.

"Njinga inagwera kunsi uku," anatero. "Wina anatsika kukaitenga. Ngati njinga inagwa, nayenso anagwa."

"Ukutsimikiza? Tikataya nthawi pano, iwo akupita."

"Onani nokha, Tata. Chonde."

Anaimika galimoto. Anadumpha chitsulo chija n'kuyang'ana kunsi. Kunali kotsetsereka, kodzaza zitsamba zowirira ndi miyala. Munthu wodutsa pamsewu sakanaona chilichonse.

"Yonela!" anakuwa Tata Booi.

Mphepo yokha.

"Yonela!" Zukiswa anakuwa mpaka kukhosi kunawawa. Anayamba kutsika chokhala, minga ikumukala miyendo. Anaona nthambi zothyoka kumene. Anaona nsapato imodzi. Ndiyeno anamva kamawu kochokera pansi pa chitsamba.

"Usakuwe choncho. Mutu ukundipweteka."

Yonela anali atagona chammbali, chipewa chake cholimba chitang'ambika pakati, nkhope ili fumbi ndi magazi. Dzanja lamanja analigwirizira pachifuwa, ndipo phewa linali litakhala molakwika. Nyerere zinali zitayamba kale kumukwera m'miyendo. Tata Booi anafika, anagwada, n'kumuletsa kugwedezeka. Anaitana ambulansi pafoni, kenako anavula malaya awo n'kumutchingira dzuwa mpaka inafika. Mmodzi wa anthu a ambulansi anayang'ana kumtunda kumene kunali msewu n'kufunsa kuti anamupeza bwanji. Tata Booi analoza foni imene inali m'manja mwa Zukiswa.

Kuchipatala anati fupa la paphewa lathyoka, nthiti ziwiri zachita ming'alu, ndipo chipewa chija n'chimene chinapulumutsa mutu. Zukiswa analoledwa kulowa tsiku lotsatira. Mayi a Yonela anamukumbatira pakhomo, akulira.

"Mwana wanga, ukanapanda iwe akanagona kutchire kuja mpaka liti? Mulungu akudalitse."

Mawu amenewo anamulemera kuposa chitunda chilichonse. Mayiwo atatuluka kukatenga madzi, anakhala pampando pafupi ndi bedi. Yonela ankayang'ana kudenga.

"Anatulukira kuseri kwa pikapu," anatero Yonela pang'onopang'ono. "Ndinalibe liwiro loti n'kuthawa. Anangondikankha. Kenako mmodzi anatsika kudzatenga njinga. Ndinkaganiza kuti andithandiza, ukudziwa? Anaima pamwamba panga n'kundifunsa funso."

"Funso lanji?"

"Anati, 'Zukiswa ali kuti lero? Yofiira ija ili kuti?'" Yonela anatembenuza mutu movutikira. "Anakutchula dzina. M'mimba munkakupwetekadi?"

Zukiswa anatulutsa foni, anatsegula mauthenga onse kuyambira woyamba mpaka wa botolo, n'kumugwirira kuti awerenge. Yonela anawerenga. Atafika kumapeto anayang'ana tsiku ndi nthawi ya uthenga womaliza.

"Lachitatu masana. Ndiye kuti pamene ndinkakuuza za pikapu, uwu unali kale m'thumba mwako."

"Eee."

"Unadya gwinya langa, uwu uli m'thumba."

"Ndinkaopa kuti Tata andilanda njinga. Ndinalemba kuti usapite, kenako ndinafufuta. Yonela, pepa. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Tsamba lija ndinkadziwa kuti n'lotsegula, ndipo nanenso ndinakhala chete. Kupita ndekha ndinasankha ndekha. Zimenezo ndi zanga." Misozi inatsikira m'khutu mwake, ndipo sakanatha kuipukuta. "Koma iwe unachita mantha n'kukhala kunyumba, ine n'kundiuza kuti ndiyende bwino. Tuluka."

Zukiswa anatuluka. Pakhonde anakumana ndi mayi a Yonela atanyamula botolo la madzi, ndipo anawauza zonse ataimirira pomwepo. Mayiwo sanamukumbatirenso.

Apolisi anatenga mauthenga aja. Tsamba la Deon linali litafufutidwa kale, koma Zukiswa ankakumbukira mayina asanu ndi awiri mwa anthu amene munthuyo ankawatsatira, ndipo onsewo anachenjezedwa. Foni ya Yonela inapezeka m'ngalande, itasweka. Njinga yoyera sinaonekenso. Yofiira Zukiswa anaikankha yekha mpaka kukontena, osadikira kuitanidwa. Tata Booi anailandira, anaipachika pakhoma, ndipo Loweruka anamuimika patsogolo pa ana onse a m'kalabu kuti awaonetse mapu ake ndi kuwafotokozera zimene munthu wachilendo ankaona pamenepo. Zukiswa analankhula mpaka kumapeto. Mpikisano wa Januwale unachitika popanda aliyense wa ku Kayamandi.

Yonela atatuluka m'chipatala, Zukiswa ankapita kwawo tsiku lililonse. Ankatunga madzi, ankasesa pabwalo, ankatsuka mbale. Mayi a Yonela ankamuyankha moni basi. Yonela ankakhala kuchipinda, chitseko chotseka.

Tsiku lomaliza la tchuti Zukiswa anapeza Yonela atakhala panja pampando, dzanja lili m'nsalu yokolekera m'khosi. Ankalimbana ndi chipeso ndi dzanja lamanzere, tsitsi litangoti nyankhalala. Chipeso chinagwa. Zukiswa anachitola n'kuima nacho, osadziwa ngati apereke kapena ayi.

"Mawa sukulu," anatero Yonela osamuyang'ana. "Mama afika mochedwa. Sindingapite chonchi, ndikuoneka ngati chitsamba chimene munanditolamo."

Zukiswa anapita kumbuyo kwa mpando. Anagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso, n'kuyamba mzere woyamba. Ankaluka mosalimbitsa, kuopa kumupweteka.

"Usaganize kuti ndakukhululukira," anatero Yonela.

"Ndikudziwa."

"Mwina mwezi wamawa. Mwina ayi."

"Ndidikira."

Ana ankasewera mpira mumsewu, ndipo wina ankawotcha nyama pakona.

"Iwe, ukuluka kapena ukusisita mphaka?" anatero Yonela. "Limbitsa. Chathyoka ndi phewa, osati mutu."

Zukiswa analimbitsa.